ZA KUMUNDA: Kaufiti, Mlendo Wolanda Nkhokwe

Dzinja likayandikira, alimi ambiri ocokera kumidzi amafika ku Kamwala mu Lusaka kudzagula makasu, feteleza ndi mbeu. Enanso amalandira cimanga cobzala cimene abale ao a ku Chawama ndi ku Matero awatumizira. Onsewa ayenera kusamala, pakuti m'thumba la mbeu yosadziwika kwao mungathe kubisala njere za kaufiti, zimene ndi zazing'ono monga fumbi.

Kaufiti, amene akatswiri amamucha Striga, samera wamba. Njere yake imagona m'nthaka zaka 10 kapena kuposerapo, kufikira itamva timadzi totuluka m'mizu ya cimanga, mapira kapena mawere. Ikamera imaboola muzu ndi kuyamwa madzi ndi cakudya. Pamene maluwa ake ofiira aonekera, cimanga cimakhala citakwinimbira kale.

Ofufuza apeza kuti zomera zodyera zinzao zimasinthika ngakhale m'kati mweni-mweni. M'maselo a comera ciri conse muli tizigawo tochedwa mitochondria, timene timasandutsa cakudya kukhala mphamvu, ndipo tiri ndi majini akeake, ndiwo malangizo a cibadwa. M'caka ca 2018 kunatsimikizika kuti Viscum album, comera ca ku Europe comamatira pa nthambi za mitengo, cinataya mbali yaikulu ya zipangizo zopangira mphamvu m'tizigawoti, cifukwa codalira mtengo umene cikhalapo. Cina ca ku Asia, cochedwa Rafflesia, cinapezeka mu 2013 ciri ndi majini ambiri a mitochondria otengedwa ku mpesa wa kuthengo umene cimayamwa. Naye kaufiti sali kutali: mu 2010 akatswiri a ku Japan anapeza mwa mtundu wina wa kaufiti jini yocokera ku mbeu za mtundu wa mapira.

Phunziro lake ndi ili: comera cimene cazolowera cakudya ca eni kufikira kusintha cibadwa cace sicingakhale pacokha. Mlimi akam'mana cimanga, kaufiti amafooka.

Tsono m'munda wogwidwa ndi kaufiti muyenera kubzalidwa nshawa, soya, nyemba kapena thonje kwa zaka zingapo. Mbeu zina mwa izi zimanyenga njere za kaufiti kuti zimere, koma posowa muzu woyamwa zimafa. Kaufiti azulidwe asanacite maluwa, ndipo wocita kale maluwa atenthedwe, pakuti tsinde limodzi limabala njere zikwi zambiri. Manyowa athiridwe mokwanira, popeza kaufiti amakonda nthaka yoguga. Makasu ndi mapulao zitsukidwe zisanalowe m'munda wina.

Wogula mbeu ku Kamwala asankhe ya m'thumba lomata, lokhala ndi cizindikiro cakuti inayesedwa. Wofuna uphungu apite kwa mlangizi wa zaulimi wa kwao, amene amalandira nzeru zocokera ku Mount Makulu ku Chilanga ndi ku Msekera ku Chipata. Mbeu yochipa ingathe kudyetsa banja gaga zaka zambiri.