OVOLOSI SI CHAMANYAZI

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, ndiloleni ndilankhule mosapsatira. Sabata latha magetsi anathima m'hositelo mwathu, mayeso ali pafupi. Kunabwera bambo wina wovala ovolosi, makwerero ali paphewa. Pamene bamboyo ankatsegula bokosi la mafyuzi, mnzathu wina anafuula ali pakhonde: "Iwe wamawaya, fulumira! Ophunzirafe tikufuna kuwerenga!" Ambiri anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa achimwene anga ndi amagetsi, ndipo ndalama imene ndimadyera pano imachokera m'manja mwawo.

Kodi wophunzira ndani? Achimwenewo anamaliza Fomu 4 monga ife tomwe. Atasowa malo kuno analowa sukulu ya ntchito zamanja, imodzi mwa zija timazinyoza, monga Soche, Nasawa ndi Namitete. Anaphunzira masamu a magetsi, nakhala zaka akunyamula zida za mmisiri wamkulu ndi kukwawa kudenga malata atatentha. Analemba mayeso a Trade Test kuyambira giredi 3 mpaka giredi 1, ndipo asanayambe kulumikiza paokha nthambo m'nyumba za anthu anayenera kutenga chilolezo ku MERA. Munthu wotere tinganene kuti ndi mbuli?

Mayeso awo enieni sathera papepala. Ine ndikasokoneza ndime, aphunzitsi amangondidula malikisi. Wamagetsi akasokoneza, pamudzi pagwa maliro. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, okwanira kupha munthu. Nthambo ya mababu imakhala ya 1.5mm, ya masoketi 2.5mm. Mukaika yaing'ono pofunika yaikulu, imatentha pang'onopang'ono kudengako mpaka nyumba kuyaka anthu ali m'tulo. Mukaiwala nthambo yotayira magetsi m'nthaka, mwana wokhudza ketulo yowonongeka ndiye amasanduka njira yake.

Kunyoza kwathuku kuli ndi zotsatira zake. Popeza timati ntchitoyi angaigwire aliyense, makolo athu pomanga nyumba amatenga mnyamata wotchipa amene anangoonerera ena, namusiya mmisiri wa mapepala. Nawonso ana anzeru amaithawa poopa kusekedwa, n'kumadzazungulira m'maofesi ndi envulopu ya khaki yofunsira ntchito, nsapato zitatha zidendene.

Tayiwala kale? M'mwezi wa Januwale, chaka cha 2022 chisanafike patali, namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mumdima maola ambiri mpaka 2023. Amene anakonza ndi mainjiniya pamodzi ndi amisiri a ovolosi. Ife olemba tinangolira pa kandulo. Palibe ndakatulo ya m'gulu lathu lino imene inayatsapo babu ngakhale limodzi.

Sindikunena kuti titaye mabuku, ayi. Inenso digiri ndikuifuna, ndipo achimwene amakwera mitengo ya magetsi kuti ndiipeze. Ndikupempha ziwiri zokha. Inu amene mudzaphunzitse ana athu, lekani kuwaopseza kuti akalephera adzagwira ntchito zamanja, ngati kuti ntchitoyo ndi chilango. Ndipo iwe mnzanga wa pakhonde paja, bambo aja akadzabweranso ukawagwirire makwerero, unene kuti "zikomo bambo." Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga lathuli muli nthambo, ndipo iwe ndi ine sitidziwa kumene zikupita.