Nsomba zisathere pa waya

Pitani pa msika wa Migowi kapena Chiringa mukaone milamba ndi makumba ochokera ku nyanja ya Chilwa. Nsomba zina ndi zosupuka khungu, zina zobenthuka, ndipo ogula amazinenerera mtengo. Mwini wake amadandaula kuti malonda sakuyenda, chonsecho ndalama yake inatsalira pa waya pamene ankawamba.

Ife tikuti uku n'kusasamala basi. Nsomba imakakamira pa waya chifukwa cha zinthu zitatu: dzimbiri, chinyezi ndi phuma.

Alimi ndi asodzi anzathu, mukatumbula ndi kutsuka nsomba, yambani mwaziyanika pathandala kuti madzi akhe. Palani waya ndi chitsononkho, muike pamoto kuti atenthe, kenaka pakanipo mafuta ophikira pang'ono ndi kansalu koyera. Musaike nsomba moto ukadali lawilawi, dikirani nkhuni zisanduke makala. Ndipo musafulumire kutembenuza. Khungu likauma, nsomba imachoka yokha pa waya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena ati mafuta ndi odula. N'zoona. Koma yerekezani mtengo wa kasupuni kamodzi ndi wa mlamba wathunthu umene wanyenyeka.

Tisaiwale kuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Nsomba za m'nyanja yotere si zoseweretsa. Nkhuni nazonso zikusowa. Tsono msodzi achezere usiku wonse pamadzi, inu muthe mtolo wa nkhuni, mapeto ake theka la nsomba likhale la waya? Ayi, tisinthe.