Chuma cha pa Lizulu chisamangokwera lole

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amapadziwa pa Lizulu, ngakhale ambiri amangopadziwira pa zenera la basi. Galimoto ikangoima, madengu a matimati, milu ya kabichi, zidebe za mbatata ya kachewere, anyezi ndi karoti zimakuzinga mbali zonse, wogulitsa aliyense akulonjeza basela. Timagula, basi n'kunyamuka. Amene amadzifunsa kuti ndiwo zonsezi zimachokera kuti, ndipo ndalama zake zimathera m'thumba la yani, ndi ochepa.

Lizulu ali kumpoto kwa boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Dedza. Malowa ndi okwera, pamtunda pomwe madzi a mvula amagawikana: ogwa kum'mawa amatsikira ku Nyanja ya Malawi, ogwa kumadzulo amakathera mu Zambezi. Mtunda umenewu ndi umene Angelezi ndi Apwitikizi anautenga kukhala malire pa pangano lawo la 1891, ndipo msewu unadzatsata momwemo. N'chifukwa chake mukamachokera ku Lilongwe, kudzanja lamanzere ndi Malawi, kudzanja lamanja ndi Mozambique, boma la Angonia m'chigawo cha Tete. Munthu amatha kugula matimati ku Malawi, n'kuwoloka phula kukagula anyezi kudziko lina.

Kukwera kwa malowa ndiye chuma chake choyamba. Mu June ndi July kumazizira kolasa mafupa, pomwe mukatsika msewu wa Khwekhwelere kuchokera pa Masasa, musanathe ola mwafika ku Golomoti mukuvula juzi. Kachewere ndi kabichi zimakonda kuzizira kotereku. Dzinja anthu amalima kumunda, chilimwe amatsikira kumadimba a m'madambo ndi makheni awo othirira, motero msika suuma chaka chonse. M'dziko lomwe alimi ambiri amagwira ndalama kamodzi pa chaka, akagulitsa fodya, soya kapena chimanga, umenewu ndi mwayi waukulu.

Anthu a dera lino ambiri ndi Angoni a kwa Maseko, ndipo pa Lizulu ndi pomwe pali likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani. Malire aja anadula pakati pa abale. Tsidya lino ndi tsidya ilo amalankhula Chichewa, amakwatirana, amayenderana pa maliro ndi pa zinkhoswe. Mu 1953, Inkosi Gomani II atakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe a atsamunda, boma linamuchotsa pa mpando, ndipo pothawa apolisi anawolokera tsidya lomwelo la Apwitikizi. M'zaka za m'ma 1980 ulendo unatembenuka: nkhondo itakula ku Mozambique, anthu oposa 1 miliyoni anathawira kuno, ena mwa iwo n'kukhala m'maboma a Ntcheu ndi Dedza mpaka mtendere utabwera mu 1992. Lero kachewere wambiri amene timagula pa Lizulu amalimidwa ku Angonia. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Msikawu ndi wa anthu a mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense wofuna kuukonza ayambe wavomereza zimenezi.

Koma tiyang'ane chiwerengero. Kalembera wa 2008 anapeza anthu 471,589 m'boma la Ntcheu. Wa 2018 anapeza 659,608. Ndiye kuti pa zaka khumi zokha panawonjezereka anthu oposa 188,000, dambo lili lomwe lija. Dimba lomwe agogo ankalima okha lero aligawana adzukulu, aliyense timizere take. Mnyamata amene wasowa pokhazika khasu amathamangira kumsika: kusenza matumba, kukweza katundu m'malole, kuyendetsa kabaza, kukazinga tchipisi pa chiwaya. Msika ndiwo ukulandira ana onse amene munda walephera kuwasunga.

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Mlimi wa matimati alibe mphamvu pa mtengo, chifukwa katundu wake sadikira. Wachimanga akaona mtengo woipa amatseka nkhokwe n'kudikira January. Wamatimati akathyola lero, pakangopita masiku ochepa aphwanyika. Wopikula wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre amadziwa zimenezi bwino lomwe, choncho amangoima pambali kudikira kuti dzuwa lipendeke. Pofika madzulo mlimi amagulitsa pa mtengo uliwonse, kusiyana n'kubwerera nalo dengu kunyumba. Ndipo poti onse amabzala nthawi imodzi n'kukolola nthawi imodzi, pali miyezi imene msika umasefukira, matimati ena n'kuwolera m'mphepete mwa msewu. Chonsecho mbewu, feteleza ndi mankhwala opopera mbozi ndi chiwawu zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inalumpha osayang'ana kuti dengu likugulidwa zingati.

Sindikunena kuti opikula ndi akuba. Amalipira lole, amataya katundu wina panjira, ndipo popanda iwo kabichi wa pa Lizulu sangafike ku Area 25 kapena ku Ndirande. Vuto n'lakuti mlimi alibe kwina kolowera. Akadakhala ndi nyumba yosungiramo kachewere, chipinda chozizira cha matimati, kapena kafakitale kopanga msuzi wa m'mabotolo umene masitolo athu amaitanitsa kuchokera kunja, akadatha kukana mtengo wachipongwe. Zinthu zimenezi si zodabwitsa ayi. Zimafuna magetsi odalirika, madzi aukhondo, ndi alimi ogwirizana m'makopaletivi oyendetsedwa mokhulupirika, omwe angathenso kugwirizana zobzala mosinthana kuti asamakolole onse sabata imodzi.

Ndondomeko ya Malawi 2063 imalankhula zokweza mizinda ing'onoing'ono, ndipo boma linasankha isanu ndi itatu, monga Karonga, Kasungu, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Zimenezo n'zabwino. Koma malo ngati Lizulu, Tsangano, Jenda ndi Bembeke, amene amadyetsa mizindayo, timangowatchabe kuti ndi kumudzi, pomwe anthu ake akukhala kale moyo wa m'tauni: nyumba zalendi, magolosale, malo ogona alendo, mashopu otumizirako ndalama pa foni. Malo akamakula popanda mapulani, nyumba zimathithikana, zitsime zimayandikana ndi zimbudzi, ogulitsa amakhala pafupi kwambiri ndi malole othamanga. Kudzakonza pambuyo pake kumadula kuposa kukonzeratu.

Wogulitsa aliyense pa msika amadula chiphaso tsiku ndi tsiku. Ndalama imeneyo ndi yake, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti yagwira ntchito yanji. Makhansala, aphungu ndi mafumu a dera lino akhale pansi ndi alimi komanso makomiti a msika, alembe mapulani a Lizulu ngati tauni, asonyeze poyera zomwe msika umatolera pa mwezi, ndipo gawo looneka la ndalamazo libwerere pomwe lachokera: mashedi, mipopi, zimbudzi ndi nyumba yosungiramo mbewu. Ayambe ndi bajeti ya khonsolo ya chaka chikubwerachi.