Olemba Achuluka, Owerenga Ali Kuti?

Pali matenda amene alowa m'ntchito yathu yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ine ndakana kukhala chete. Matendawa ndi akuti tayamba kupereka kwa anthu ntchito imene eni akefe sitinaiwerenge. Inu alembi anzanga a ndakatulo ndi nthano mwina mudabwa kuti munthu angaike bwanji dzina lake pa nkhani imene sakudziwa zomwe zilimo. Koma kwathu kuno khalidweli lazika mizu, ena mpaka akulitcha chitukuko.

Kwa amene sadziwa, pulogalamu ndi malangizo olembedwa mzere ndi mzere, omwe timawatcha code, ouza kompyuta chochita. Pamene ine ndimayamba ntchitoyi, mzere uliwonse unkatuluka m'mutu mwa munthu. Zinthu zidasintha mu 2021 pomwe GitHub idatulutsa Copilot, chida cha AI chomalizitsa mizere imene munthu wayamba. Mu November 2022 kudabwera ChatGPT, yomwe ukaiuza zofuna zako m'mawu wamba imakulembera pulogalamu yonse. Pofika February 2025, Andrej Karpathy, mmodzi mwa amene adayambitsa OpenAI, adaupatsa dzina mchitidwe wongolandira zimene makina alemba osaziwerenga: vibe coding. Mwini wakeyo ankanena za timapulogalamu tongoseweretsa. Ife tautenga mchitidwewo n'kupita nawo kumene kuli ndalama za anthu.

Sindikunena zongomva. Pakampani ina yomwe ndimagwirako ntchito tidapatsidwa ntchito yokonzera gulu lina la alimi pulogalamu yowerengera ngongole. Mnyamata wina wochangamuka, wongochoka kumene ku koleji, adaimaliza m'masiku awiri ntchito yomwe ine ikadanditengera masabata atatu. Abwana adamuyamikira pamaso pa tonse. Patatha miyezi itatu kudabwera mayi wina, msungichuma wa gululo, atanyamula kope lake lakuthaitha. Adati alimi amene adabweza ngongole pa tsiku lenileni lomaliza akulipitsidwa chindapusa ngati ochedwa. Ena adali atagulitsa kale nkhuku kuti alipire mlandu womwe sadapalamule.

Tidatsegula code ija. Vuto lidali kachizindikiro kamodzi: pomwe padayenera kunena kuti "kufikira tsikulo", padalembedwa kuti "tsikulo lisanafike".

"Achimwene, mzere uwu ukuti chiyani?" ndidamufunsa.

"Bwana, idalemba ndi AI. Ine ndidangoyesa, ndipo zidatheka," adayankha atazolika.

Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Koma mnyamatayo sindimuimba mlandu yekha, pakuti amene adavomereza kuti ntchitoyo ipite ndidali ine. Ndidangoiyang'ana pamwamba poti abwana amafuna zachangu. Tonse atatu, mnyamata, abwana ndi ine, tidagonja kwa mayi wa kope ndi cholembera, chifukwa iye yekha ndiye adawerenga.

Ndikudziwa zimene otsutsa anene. Ati madala awa akuopa kulandidwa ntchito, ngati mmene ena adaopera kakyuleta. Yankho langa n'lakuti kakyuleta ukaifunsa funso limodzi kakhumi imakupatsa yankho limodzimodzi. AI siitero. Iyo imasanja mawu amene akuoneka kuti ndiwo oyenera kutsatira, potengera zolemba zambirimbiri zomwe idaphunzitsidwa nazo. Kawirikawiri imalondola, koma ikaphonya siichita chibwibwi, bodza ndi zoona imazinena ndi nkhope imodzi. Inenso ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo imandipeputsira katundu. Chomwe ndikudana nacho si chidacho ayi, koma ulesi umene tauveka suti n'kuutcha luso.

Ati kodi mapulogalamu olembedwa ndi anthu sankalakwika? Ankalakwika, ndipo mfundo yanga yagona pomwepo. Ku Britain, bungwe la Post Office lidayamba mu 1999 kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Horizon, ya kampani ya Fujitsu. Pulogalamuyo inkaonetsa kuti ndalama zasowa pomwe sizidasowe. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi adazengedwa milandu ya kuba ndi chinyengo, ena adalowa m'ndende, ena adataya nyumba zawo. Mu 2019 khoti lidapeza kuti pulogalamuyo idali ndi zolakwika, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idachita kukhazikitsa lamulo lofafaniza zigamulozo. Horizon adalemba ndi anthu, koma chidapweteka osalakwa n'chakuti akuluakulu adakhulupirira kompyuta kuposa munthu. Ngati zidatero code ikulembedwa pa liwiro la zala, nanga lero pomwe makina akulavula mizere mazanamazana pa mphindi imodzi, adzaiwerenga ndani?

Taonaninso mbali inayo. Mu March 2024, Andres Freund, katswiri wa ku Microsoft, adaona kuti kulowa m'kompyuta ina kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Wina akadangoti ndi intaneti. Iye adafukula mpaka adapeza khomo lachinsinsi lomwe munthu wina adabisa mu xz Utils, kapulogalamu kopezeka m'makompyuta ambiri oyendera Linux. Chiwembucho chidagwidwa chisanafalikire. Adapulumutsa anthu si wolemba mofulumira, koma wowerenga mofatsa.

Chondiwawa kwambiri ndi tsogolo la achinyamata. Luso lowerenga code limabwera polemba, kulakwitsa, ndi kugona mochedwa ukusaka pomwe waphonya. Mwana amene sadagwirepo khasu sangadziwe ngati waganyu walima bwino. Tikawalanda achinyamata thukuta limeneli, zaka 10 zikubwerazi tidzakhala ndi maofesi odzaza ndi anthu odziwa kulamula makina koma osatha kuwadzudzula. Ife okalamba tikadzapuma, adzatsegule code ndani mayi wa kope akadzabweranso?

Choncho pempho langa lili patatu. Mabwana, lekani kuyeza wantchito ndi liwiro lokha. Nthawi yowerenga ndi kuyesa pulogalamu muiike pa bajeti monga muikira mafuta a galimoto. Aphunzitsi a m'makoleji, wophunzira asakhoze chifukwa pulogalamu yayenda, koma aime kutsogolo afotokoze mzere uliwonse. Ndipo ife a ntchitoyi tigwirizane lamulo limodzi: chimene sungathe kuchifotokoza usachitumize.

Mnyamata uja tidakali naye. Chindapusa chidabwezedwa, ndipo kukapepesa kwa alimi tidapita awiri, iye ndi ine. Masiku ano akabweretsa ntchito timakhala pansi, iye n'kumandiwerengera mokweza mzere ndi mzere monga tinkachitira ku pulayimale. Abwana amadandaula kuti tikuchedwa. Ine ndimawayankha kuti kuthamanga si kufika.