KHIRISIMASI: MULUNGU AMADZIWA MUNTHU ALIYENSE NDI DZINA LAKE

Masiku a Khirisimasi afikanso. M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba masitolo adzaza ndi anthu ogula mpunga, shuga ndi zovala za ana, ndipo mabasi opita kumudzi akunyamuka opanda ndi mpando womwe wotsala. Kumudziko nkhuku ya tsikulo inasankhidwa kale, ndipo makwaya akuphunzira nyimbo madzulo aliwonse anthu akaweruka kopalira. Zonsezi nzabwino, ndipo ife sitikuletsa munthu kukondwa. Koma nkoyenera kuti chisangalalo chisanatitenge mitima tiyambe tafunsana: kodi tsikuli likutiuza chiyani?

Yankho lathu ndi lakuti Khirisimasi ndi umboni wakuti Mulungu amakonda munthu aliyense payekhapayekha, ndipo amamudziwa ndi dzina lake. Ambirife tinazolowera kumva kuti Mulungu amakonda anthu onse, ndipo tikamva mawu akuti onse timaganiza za chikhamu chonga cha pamsika wa Limbe, pomwe munthu mmodzi saoneka n'komwe. Nkhani ya kubadwa kwa Yesu ikutiphunzitsa zoposa pamenepo.

Mlaliki Luka, m'mutu wachiwiri wa buku lake, akuyamba nkhaniyi ndi kalembera. Kaisara Augusto, amene analamulira ufumu wa Roma kuyambira chaka cha 27 Khristu asanabadwe kufikira chaka cha 14 Khristu atabadwa, analamula kuti anthu alembedwe, ndipo kalembera wa Aroma cholinga chake chachikulu chinali msonkho. Kaisarayo sankamudziwa Yosefe, mmisiri wa matabwa wa ku Nazarete, ngakhalenso Mariya. Kwa iye awiriwa anali mitu iwiri chabe yowonjezera m'kaundula. Komabe lamulo linali lamulo, motero ananyamuka ulendo wa makilomita pafupifupi 140 kupita ku Betelehemu, mtunda woposa wa pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, Mariya ali woyembekezera.

Kalembera payekha si woipa. Dziko lathu linachita kalembera m'zaka za 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, ndipo wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Popanda ziwerengero zotere boma silingadziwe pomanga sukulu, chipatala kapena mjigo. Koma chiwerengero chili ndi polekezera. Sichingatiuze kuti mwa mamiliyoni amenewa ndani wagona ndi njala dzulo, ndani waika mwana wake m'manda, ndani mtima wake ukuwawa. Chodabwitsa cha ku Betelehemu ndi chakuti pa nthawi imene mfumu ya dziko lapansi inali kuwerenga anthu ili kutali ku Roma, Mfumu ya kumwamba inatsika nkubadwa ngati mmodzi wa owerengedwawo.

Taonaninso m'mene anabadwira. Malo m'nyumba ya alendo anasowa, ndipo khandalo linagonekedwa modyera ziweto. Patapita masiku 40 makolo ake anapita nalo ku Kachisi ku Yerusalemu ndi nsembe ya mbalame ziwiri, imene malamulo a m'buku la Levitiko, mutu 12, ankaloleza kwa mayi wosakwanitsa kupereka mwana wa nkhosa. Tsono Mwana wa Mulungu anakulira m'banja losauka, ndipo palibe mmphawi angaimirire nkunena kuti Mulungu sadziwa kusowa. Oyamba kumva uthenga wa kubadwa kwake sanali akuluakulu a ku Yerusalemu ayi. Anali abusa ogona kutchire ndi nkhosa zawo, anthu amene kawirikawiri pamsonkhano safunsidwa maganizo.

Mlaliki Mateyu naye akuyamba buku lake ndi mndandanda wa maina a makolo a Yesu, umene ambiri timaudumpha powerenga. Koma m'mndandandamo muli Rahabi wa ku Yeriko, mkazi wa mbiri yosakoma, ndi Rute wa ku Moabu, wamasiye ndi mlendo, amene ankakunkha m'minda ya ku Betelehemu komweko kuti apeze chakudya cha iye ndi apongozi ake. Anthu otere dziko limawaiwala msanga, koma Mulungu anawasungira malo m'banja la Mwana wake.

Yesu atakula anachita zomwezo. Ku Yeriko, pakati pa khamu lalikulu, anaima pansi pa mtengo wa mkuyu nkuitana Zakeyu wokhometsa msonkho ndi dzina lake, napita kukakhala kunyumba kwake anthu akung'ung'udza. Anaphera fanizo la mbusa wa nkhosa 100 amene anasiya 99 kukafuna imodzi yosokera. Wamalonda aliyense anganene kuti kutaya imodzi pa 100 si kuluza kwenikweni, koma mbusa wodziwa nkhosa zake sawerengera motero. Ndipo m'mawa wa kuuka kwake, Mariya wa ku Magadala, amene ankamuyesa wosamalira munda, anamuzindikira pamene anamva dzina lake likutchulidwa. Pachifukwa ichi Khirisimasi sitingailekanitse ndi Pasaka. Dzina lakuti Yesu tanthauzo lake nlakuti Mulungu amapulumutsa, ndipo khanda la modyera ziweto lija linabadwira kudzafera machimo a munthu aliyense pamtanda.

Ena amatsutsa kuti 25 Disembala si tsiku lenileni limene Yesu anabadwa. Nzoona kuti Baibulo silitchula tsikulo. Cholembedwa chakale kwambiri chosonyeza Akhristu akukumbukira kubadwa kwake pa 25 Disembala ndi cha ku Roma m'chaka cha 336, ndipo abale athu a mipingo yakale ya ku Ethiopia ndi Egypt amachita chikondwererochi pa 7 Januwale. Izi zisatisokoneze, pakuti chachikulu ndi chimene chinachitikacho. Ku Betelehemu kuli tchalitchi chimene chinayamba kumangidwa m'masiku a mfumu Constantine pamalo pomwe Akhristu amakhulupirira kuti Yesu anabadwira. Khomo lake lolowera ndi lalifupi kotero kuti munthu wamkulu sangalowe chiimirire. Nduna, bishopu, wolemera ndi mlimi, aliyense amalowa yekhayekha ndiponso atawerama. Pamaso pa Mulungu zilinso chimodzimodzi.

Ife a mu Africa nkhaniyi imatikhudza mwapadera. Herode atafuna kupha mwanayo, Yosefe ndi Mariya anathawira naye ku Aigupto, dziko limene lero timalitcha Egypt. Mpulumutsi anakhalapo wothawa kwawo pa nthaka ya Africa. Amalawi amazidziwa bwino zimenezi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dziko lino linasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo anthu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza anagawana nawo malo, madzi ndi nkhuni pamene iwonso analibe zambiri. Mtima umenewo ndiwo mtima wa Khirisimasi, ndipo tisalole kuti uzilale.

Tsono popeza Mulungu anatikonda motere, tikupempha owerenga athu zinthu zitatu.

Choyamba, banja lililonse lisankhe munthu mmodzi, wodziwika dzina, woti limukumbukire chaka chino. Kunena kuti timakonda osauka nkosavuta, koma osauka onse pamodzi palibe amene angawapatse mbale ya nsima. Alipo gogo uja wa kuseri kwa tchalitchi amene denga lake likudontha, alipo mayi wamasiye amene munda wake wamera udzu, mwana wamasiye amene anzake adzavala zatsopano iye akuyang'ana, wodwala m'chipatala amene sanaonepo womuzonda, ndi wandende amene abale anamutaya. Disembala ndi mwezi wovuta. Nkhokwe zambiri zatha, chimanga cha kumunda chikadali chaching'ono, ndipo cha pamsika chakwera mtengo. Pitani nokha, mukakhale naye pamphasa, mukamutchule dzina, mudyere limodzi. Anyamata ndi atsikana a m'mipingo angathe kutenga makasu m'mawa umodzi nkupalira munda wa nkhalamba. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndiponso mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anansi athu a zipembedzo zina nawonso aitanidwe kudzadya nafe, pakuti chikondi chimenechi sichinafunse mtundu wa Rute.

Chachiwiri, tisamale ndi mowa ndi ndalama. Bambo amene atha malipiro a mwezi wonse kumowa masiku awiri, kenaka nkubwera kunyumba kudzamenya mkazi ndi kuopseza ana, wanyoza tsiku la kubadwa kwa Mwana wa Mulungu. Januwale ali pakhomo, ndipo akubwera ndi fizi ya sukulu, mayunifolomu ndi feteleza wobereketsa. Oyendetsa magalimoto, maminibasi ndi njinga zamoto akumbukire kuti aliyense amene amunyamula ali ndi omudikira kunyumba. Ngozi zikachitika timamva chiwerengero cha omwalira pawailesi, koma kusiwa amalira dzina la munthu.

Chachitatu, tiyanjane. M'midzi ndi m'matauni muli abale a bere limodzi amene atha zaka osapatsana moni chifukwa cha malire a munda, chuma cha masiye kapena kusiyana maganizo pa ndale. Aliyense akudikira kuti mnzake ayambe ndiye kupepesa. Koma pa Khirisimasi wolakwiridwa ndiye anayamba ulendo. Mulungu sanadikire kuti anthu ayambe akonzeka, anabwera yekha kudzatifuna. Mkhristu amene adzaimba mokweza m'tchalitchi pa 25 Disembala, koma osatha kuyenda mapazi makumi awiri kukagogoda pakhomo la mbale wake, ayambe wadzifunsa ngati uthengawo anaumvetsa. Chibale ndi fupa, sichiola.

Potsiriza, tilankhule ndi inu amene Khirisimasi ya chaka chino yakupezani muli ndi chisoni, inu amene ntchito inatha, amene pampando wina m'nyumba mwanu palibe wokhalapo, ndi inu amene muli kutali ku Johannesburg kapena ku London ndipo mtima uli kumudzi. Ngakhale pakhomo panu pasaphikidwe mpunga, tsikuli ndi lanu monga linali la abusa aja. Amene anabadwira m'khola akukudziwani, ndipo kwa iye simuli nambala m'kaundula.

Tikufunira owerenga athu onse, amuna, amayi, achinyamata ndi ana, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, Khirisimasi yamtendere ndi chaka chatsopano cha mvula yabwino ndi zokolola zochuluka.