MIYENDO IMATOPA, NZERU IMATSALA

Madzulo alionse tikamadutsa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound muno mu Kafue, timaona tianyamata tili kuthamangitsa mpira wa mapepala pafumbi, sukulu itaiwalika. Tikafunsa makolo, ena amayankha kuti: "Mlekeni, mwina adzakhala ngati Mwepu." Cabwino. Koma tiyeni tsono tiikumbukire nkhani ya Enock Mwepu yonse, osati theka lake lokha.

Mnyamatayu anabadwa m'caka ca 1998, ndipo luso lake linakulira m'timu yathu ya Kafue Celtic, pamodzi ndi mnzake Patson Daka. Mu 2017 awiriwa anali m'gulu la acinyamata limene linatenga cikho ca Africa mu Lusaka, pogonjetsa Senegal 2-0. Caka comweco Mwepu anapita ku Austria, kutimu ya Red Bull Salzburg, ndipo mu 2021 anagulidwa ndi Brighton ya ku England. Ndani wa ife sanalumphe pamene anacinya cigoli cija pabwalo la Liverpool? Anthu anamucha dzina lakuti "Computer", cifukwa anali kuona kumene mpira udzapita anzake asanaganize.

Mu Seputembala 2022 anadwala paulendo wa ku Mali ndi Chipolopolo. Madokotala atamupima anapeza matenda a mtima a kumtundu, namuuza kuti akapitiriza kusewera angathe kufera pabwalo. Pa 10 Okutobala 2022 analeka mpira, ali ndi zaka 24 zokha.

Apa ndi pamene tifuna kuti owerenga athu aimepo. Mu Disembala caka comweco, Brighton inampatsa nchito yophunzitsa ana osafika zaka 9. Munthu amene anali kuombeledwa m'manja ndi zikwi za anthu anavomera kuima pakati pa tiana tongoyamba kumene. Ena anaona ngati watsika. Ife tikuti iai. Mtima unamuletsa kuthamanga, koma sunamulande zimene anali nazo m'mutu, ndipo akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Amene aphunzitsa mwana kuimitsa mpira, kupatsira mnzake ndi kumvera woimba mluzu, ndiye amanga timu ya mawa.

Kwa inu makolo tili ndi mau awiri. Coyamba, mwana akamadandaula cifuwa, akamakomoka kapena kubanika posewera, musanene kuti ndi ulesi. Mtengereni kucipatala, makamaka ngati pabanja panu wina anamwalirapo mwadzidzidzi akali wamng'ono. Caciwiri, mpira asewere, koma buku asalitaye. Masiku a wosewera ndi owerengeka, ndipo palibe amene amamuuziratu tsiku lotsiriza.

Nanunso acikulire amene munasewerapo pa Khosa Stadium, mwapacika nsapato n'kukhala cete cifukwa ciani? Tianyamata tija ta pafumbi tilibe wotiphunzitsa. Loweruka lino tikakuoneni kubwalo.