Chikho cha Fresno State cha 2008 sichidali chozizwitsa

Anzanga amandiseka akandipeza ndikuonera baseball pafoni. Amati ndi masewero ogonetsa tulo, anthu amangoima pabwalo ngati akudikira minibasi. Sindilimbana nawo. Koma mwa masewero akale amene ndaonera pa YouTube, alipo a sizoni imodzi amene adandibwezera ku funso lomwe timakumana nalo m'kalasi ya zolembalemba: kodi mathero a nkhani ali ndi ufulu wosintha tanthauzo la zonse zimene zidachitika m'mbuyo? Sizoni yake ndi ya 2008, mumpikisano wa mayunivesite a ku America, ndipo timu yake ndi Fresno State ya ku California.

Ndiyambe ndafotokoza kayendetsedwe ka mpikisanowu. Matimu awiri amasinthana m'zigawo 9, ina ikuponya mpira ina ikuumenya ndi ndodo, ndipo pointi imabwera wosewera akazungulira bwalo n'kufika pomwe adayambira. Sizoni imayamba mu Febuluwale mpaka kumapeto kwa Meyi. Kenako bungwe la NCAA limasankha matimu 64 mwa matimu pafupifupi 300, n'kuwagawa m'magulu 16 a matimu anayianayi. Timu ikagonja kawiri, yatuluka. Opambana m'magulumo amakumana awiriawiri, ndipo matimu 8 otsala amapita ku Omaha, m'chigawo cha Nebraska, kumene ndime yomaliza yotchedwa College World Series yakhala ikuchitikira kuyambira 1950. Kwa ife ozolowera mpira wamiyendo, tingati ndi miyezi itatu ya ligi yotsatidwa ndi milungu inayi ya chikho, koma katswiri wa dziko lonse ndi wachikhoyo basi.

Fresno State idayamba moipa. Mwa masewero 20 oyamba idagonja 12. Itayamba kudzuka, woponya mpira wake wodalirika, Tanner Scheppers, adavulala phewa ndipo sadasewerenso. Idafika kumapeto kwa Meyi itapambana 37 n'kugonja 27, ndipo chidailowetsa m'gulu la matimu 64 n'chakuti idatenga chikho cha ligi yake ya Western Athletic Conference. M'gulu lake, ku Long Beach, idaikidwa pa nambala 4, kunsi kwenikweni.

Kuchokera apo zinthu zidathamanga. Idatuluka m'gululo ngakhale San Diego idaikwapula 15-1 tsiku lina. Idapita kwawo kwa Arizona State, timu yachitatu m'dziko lonse, n'kugonja masewero oyamba 12-4, koma idapambana awiri otsatira. Ku Omaha idagonjetsa Rice 17-5, n'kuchotsa North Carolina. M'ndime yomaliza idakumana ndi Georgia: idagonja 7-6, kenako idapambana 19-10 itatsalira kale 5-0. Pa 25 Juni, pabwalo la Rosenblatt, idamaliza ntchito ndi 6-1. Mapointi onse 6 adabwera kudzera mwa mnyamata mmodzi, Steve Detwiler, amene ankasewera ndi chala chachikulu chovulala. Kasanu n'kamodzi timuyi idalowa m'bwalo ikudziwa kuti ikagonja ikupita kwawo, ndipo kasanu n'kamodzi idapambana.

Atolankhani sadachedwe. Timuyi dzina lake lapabwalo ndi Bulldogs, ndiye adatenga mawu a Chingerezi akuti underdogs, otanthauza opanda chiyembekezo, n'kuwasandutsa Wonderdogs, agalu ozizwitsa. Monga wophunzira chiyankhulo ndimawasirira mawu amenewa, ndi luso ndithu. Koma ndikukana zimene akunena.

Choyamba, mawuwa amawalakwira anyamata a Fresno State eni ake. Sizoni isadayambe, olemba za baseball adaika timuyi pakati pa matimu 25 abwino kwambiri m'dzikomo. Chikho cha ligi yake idali itachitenganso mu 2006 ndi 2007, pansi pa mphunzitsi yemweyo, Mike Batesole. Justin Wilson, amene adaponya zigawo 8 m'masewero omaliza n'kulola pointi imodzi yokha, adakasewera zaka zambiri mu ligi yaikulu ya akatswiri. Aka sikadali katimu kosadziwika komwe kadangotola mwayi panjira. Idali timu yabwino imene idasewera mosalongosoka kwa miyezi iwiri, n'kudzakumbukira mochedwa kuti imatha. Tikati chozizwitsa, tabisa luso lawo, tabisanso kulephera kwawo.

Chachiwiri ndicho chimandipweteka kwambiri, chifukwa chimakhudza timu imene palibe amaikumbuka. Miami idamaliza chaka chimenecho itapambana masewero 53 n'kugonja 11 okha. Idalowa m'chikho ili nambala 1 m'dziko lonse. Idafika ku Omaha, idagonja kwa Georgia ndi Stanford, basi nkhani yake idathera pomwepo. Fresno State idamaliza ndi 47 kwa 31, ndipo padali pasadakhalepo katswiri wogonja kambiri chotere. Ikani manambala awiriwa pamodzi ndipo mundiuze kuti timu yabwino ya 2008 idali iti. Wina adzati kuthamanga sikufika. Mwambiwo ndi woona, koma pano tikuugwiritsa ntchito mwachinyengo, ngati kuti Miami idalakwa pochita bwino kuyambira Febuluwale, kapena kuti masewero 53 aja adali matama odikira chilango. Idangogonja kawiri pa nthawi imene kugonja kawiri kumatulutsa.

Ndipo mu baseball kugonja kawiri si chachilendo. Woponya mpira akayamba masewero lero, dzanja lake limafuna masiku angapo kuti lipume, choncho mawa amayamba wina, mkuja winanso. Timu imene ikulowa m'bwalo Lachisanu si yofanana ndi ya Lamulungu, ngakhale yunifolomu ili yomweyo. N'chifukwa chake timu imodzimodziyo ikhoza kugonja 15-1 lero n'kupambana mawa lake kwa adani omwewo. Masewero oterewa amafuna nthawi yaitali kuti aonetse wodziwa, ndipo milungu inayi siyokwanira. Mu 2022 zidachitikanso zofananako: Ole Miss idalowa movutikira m'gulu la matimu 64, n'kutenga chikho.

Ndikudziwa chimene anganditsutse nacho owerenga. Malamulo ankadziwika kwa onse sizoni isadayambe, palibe adabera, ndipo Fresno State idagonjetsa matimu akuluakulu pamaso pa anthu, ina kwawo komwe. Ndikuvomereza, ndipo sindikufuna kuti wina awalande chikho. Ndikuvomerezanso kuti popanda mpikisano wotere sindikadakhala pansi kuonera masewero a zaka zambiri zapitazo. Kukoma kwake kuli pomwepo, poti wamkulu akhoza kugwa. Dandaulo langa lili kwa ofotokoza nkhani. Tonsefe ophunzira tikumdziwa mnzathu amene amakhoza ntchito zonse za semesita koma n'kudwala malungo sabata ya mayeso, ndipo tikumdziwanso wina amene amangoonekera mwezi womaliza n'kukhoza. Zotsatira timazilandira, koma sitinena kuti woyambayo adali mbuli kuyambira kale. Nanga bwanji pa masewero timalola tsamba lomaliza kulembanso masamba onse?

M'nthano izi n'zololedwa, chifukwa wokamba nthano amadziwa mathero asadayambe, ndipo mavuto onse a kalulu amaikidwamo dala kuti chipambano chake chikome. Sizoni ya masewero ilibe mlembi wotero. Anyamata a Fresno State pogonja mu Malichi sankakonzekera Omaha ayi, ankangogonja, ndipo Scheppers sadavulale kuti nkhani ikome. Wolemba za sizoni ya 2008 ayenera kulemba nkhani ziwiri, osalola ina kumeza inzake. Ya milungu inayi ndi ya Detwiler ndi chala chake, ndipo ndidzaioneranso. Ya miyezi itatu ndi ya Miami, ndipo ndimavutika kupeza woikamba.